Ndodo ya Dzanja Lamanzere

Mwana wanga wamkazi ndi wamanzere, ndipo ndiyambire pamenepo chifukwa nkhani yonse yagona pomwepo. Ali wamng'ono ankatola chilichonse ndi dzanja lamanzere, ndipo dziko lonse linadzuka kudzamukonza. Azakhali ake ankamumenya tizala akapisa dzanja limenelo m'mbale, aphunzitsi anamusinthira pensulo, ndipo kutchalitchi akaponya chopereka ndi lamanzere amayi akuluakulu ankayang'ana ine ngati ndine ndamutuma. Mwanayo sankalimbana ndi munthu. Ankangosintha dzanja n'kupitiriza zake.

Hoke anaidziwira kusekondale. Kwa inu amene simunaionepo, ndi mpira womenya ndi ndodo. Ndodoyo ndi yopindika kunsonga, mbali imodzi yafulati, inayo yobulungira, ndipo mpira umaloledwa kuugunda ndi mbali yafulati yokha. Kampirako n'kolimba ngati mwala, kakakupeza pamsongolo umaitana amako ngakhale uli ndi imvi. Ndodo zonse zimene ndinaziona zinali zoyang'ana kumanja, choncho nakonso mwana wanga anangosintha monga mwa chizolowezi chake. Mphunzitsi wa timu ankati amanzere ali ndi mwayi, chifukwa dzanja lawo ndi limene limakhala pamwamba n'kumawongolera ndodo. Bambo ake sankazimva zimenezo. Ankaima pambali pa bwalo, manja kumbuyo, n'kumang'ung'udza kuti mwana wawo akumenya ndi theka la mphamvu zake basi.

Muno mu Livingstone ambiri sadziwa n'komwe kuti kuli timu ya atsikana ya hoke. Ochemerera tinali ochepa, ife a ku Malota ndi anzathu a ku Mukuni Park, kumene amuna anga amasema ziboliboli, ine n'kumagulitsa mikanda ndi zitenje. Koma kuchepako kusakunamizeni. Tinkalongolola kuposa aja oonera mpira wa azungu pa kanema m'mabala, ndipo ineyo ndinathamangitsidwapo pabwalo chifukwa chofunsa woyimbira kumene anasiya maso ake.

Chaka chimene ndikunenachi mwanayu anatomeredwa ndi mnyamata woyendetsa basi yonyamula alendo ku eyapoti. Mnyamata waulemu, wosamwa, koma womvera mayi ake kuposa Mulungu. Mayi akewo, asewere anga, ananena pamaso pa ankhoswe kuti mkazi wapabanja sathamanga ndi kasiketi kolekeza m'ntchafu amuna akuonerera. Anagwirizana kuti amalize ligi ya chaka chimenecho, ndipo tsiku limene timu idzasewere komaliza, ndodo akaipereke m'manja mwa apongozi ake, isakalowe m'nyumba ya mwana wawo. Ine ndinalankhula mpaka ankhoswe anandiuza kuti mayi khalani pansi, pano si pamsika. Mwana wanga anavomera chifukwa mnyamatayo ankamukonda, ndipo za chikondi cha eni sindinazilowerere. Koma ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero mtimawo sunazizire.

Khomo linatsala limodzi. Ligi ikatha, matimu anayi apamwamba amapita ku Lusaka kukalimbana pabwalo la kapeti wobiriwira, ndipo kumeneko kumakhala anthu osankha osewera a timu ya dziko. Mnyamata uja anandinong'oneza tsiku lina kuti mtsikanayu akangosankhidwa kuimira dziko, mayi ake sangamuletsenso, chifukwa amakonda kukhala ndi chodzitamira kutchalitchi. Tsono nkhani inali yosavuta kuimva. Tikalowa m'matimu anayiwo, mwana wanga ali ndi mwayi wopitiriza. Tikapanda kulowa, basi, hoke yathera pomwepo iye ali ndi miyendo yake yonse. Ife tinali pa nambala yachisanu, kutatsala masewero awiri.

Ku Mukuni Park za mapointi sitinkazilemba papepala. Amuna anga anatenga thabwa n'kundandalikapo nyama zosema. Kutsogolo anaika njovu, ndiyo timu yaikulu ya ku Lusaka imene inali itadutsa kale. Nyamalikiti ndi chipembere zinkatsatira, koma zimenezo sizinkatikhudza. Pampando wachinayi panakhala ng'ona, atsikana a ku Kabwe, ndipo kumbuyo kwa mchira wake kunali ife, mvuu ya mtengo wa mukwa yoyasamula kukamwa. M'mawa uliwonse, tisanasese n'komwe, tinkazungulira thabwalo. Kuti mvuu idumphe ng'ona, tinkayenera kupambana masewero athu onse awiri, kenako ng'onayo igonje kwa njovu pa tsiku lomaliza. Kupambana kwathu kokha sikukanatithandiza, tinkafunikira kuti anthu osatidziwa atichitire ntchito ali kutali.

Mdala wina wachilozi wosema ng'oma ndiye ankatigwetsa mphwayi. Ankati njovu yakhuta kale, idzapumitsa osewera ake amphamvu n'kulowetsa ana, ndipo ankamalizira ndi zoti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Mayi wina wogulitsa madengu ankamutsutsa kuti njovu ndi ng'ona zimadana chiyambire ndewu ya chaka chapitacho, sizingachitirane chifundo. Wina ankawerengetsa zigoli, wina ankabwera ndi maloto, wina ankati msuweni wake amadziwana ndi dalaivala wa timu ya njovuyo ndipo wamutsimikizira. Tinkasuntha nyamazo uku ndi uku mpaka alendo ankaima kutijambula poganiza kuti tikuombeza ula. Ine ndinkakuwa pamwamba pa onsewo, kumuuza mdalayo kuti pakamwa pake m'pamene padzatilodze. Koma ndikabwerera pa mikanda yanga mtima sunkakhala m'malo, chifukwa mdalayo ankanena zoona ndipo ndinkadziwa.

Mwini nkhani yekha ndiye sankayandikira thabwalo. Akachoka kokonzekera masewero ankabwera kudzandithandiza kutunga mikanda, atakhala pansi kuseri kwa zitenje, ndipo pamenepo pokha m'pamene singano ankaigwira ndi dzanja lake lenileni. Ndikayamba kumufotokozera kuti njovu ikangochita chakuti ndiye ife tichita chakuti, ankandidula mofatsa kuti masamu sagoletsa. Ankaseka, koma ndinaona kuti wayamba kuonda, ndipo chakudya ankangochitembenuza m'mbale. Ndodo yake ankagona nayo pambali pa bedi. Kufatsa kwake kunkandiopsa kuposa mmene kulira kukanandiopsera.

Unali Okutobala, mwezi umene dzuwa la kuno limaiwala kuti ndife anthu. Mathithi aakulu amene alendo amabwera kudzaona anali atauma mbali ya kwathu, ndipo utsi wake uja timauona tili m'tauni sunkaonekanso. Phulusa la moto wolusa linkagwera pa zitenje zanga. Masewero oyambawo tinapambana movutikira, koma chakumapeto mwana wanga anawombanitsa ndodo ndi mtsikana wina, ndipo kulira kwake ndinakumva ndili kutali. Ndodo imene anakhala nayo chiyambire kusekondale inang'aluka pakhosi. Muno m'tauni ndodo za hoke sizigulitsidwa. Mnzake wina amene anavulala bondo analonjeza kumubwereka yake, yaifupi ndi yopepuka, ndipo mwana wanga anati palibe kanthu. Tsiku limenelo anthu anavina pobwerera ku Malota, ine ndinkangokumbukira zoti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lolemba lake amuna anga anasowa pabenchi pawo. Ndinkangomva kasemasema kuseri kwa mashedi, kumene timataya zibenthu za mitengo. Ndikapitako ankaphimba chinthucho ndi saka n'kundiuza kuti ndi oda ya mzungu. Kaya ankanamiza ndani. Ndinaona kuti atenga chipika cha mukusi chimene anachisunga nthawi yaitali, chimene anawakaniza ngakhale anthu a kumahotela. Ndinadziwa kuti ndi ndodo, ndipo ndinasangalala, poganiza kuti akutengera yong'aluka ija. Amuna anga salankhulalankhula. Pa ankhoswe paja sanatsegule pakamwa, ndipo ndinawanyoza sabata yathunthu chifukwa cha zimenezo. Tsopano ndinaona kuti akuyankha ndi manja, ndiye ndinawasiya.

Pamsika pathu munthu akachokapo, woyandikana naye amamugulitsira, ndi mmene timakhalira. Lachinayi, amuna anga ali kuseriko, ine nditapita kukatunga madzi, kunabwera mayi wachizungu wofiira ndi dzuwa. Anadutsa mvuu zonse za pamashelefu n'kuloza ya pathabwa. Mlamu wa woyandikana nafe, amene ankangogwirizira shedi tsiku limenelo ndipo sankadziwa kanthu, anaikulunga m'nyuzipepala n'kuipereka. Pamene ndinkabwera n'kuti basi ya alendo ikukhota kulowera kumahotela a kumtsinje. Ndinaima chigubu chili m'manja, kuyang'ana pamalo popanda fumbi pamene mvuu inkakhala. Ndinafuna kukwera takisi kuti ndiilondole, amuna anga anandigwira n'kundifunsa kuti ndikamuuza chiyani mzunguyo. Palibe anaseka. Mdala wa ng'oma anangovula chipewa n'kukanda m'mutu. Tonse ndife opemphera, za malodza timati sitizikhulupirira, koma tsiku limenelo palibe amene anayandikiranso thabwalo. Amuna anga anaikapo mvuu ina, koma imeneyo inali yotseka kukamwa, ndipo mayi wa madengu anati bola akanaikapo mwala.

Mawa lake asewere anga anatulukira pashedi panga, ati kudzasankha zitenje za paukwati. Anagwiragwira ichi, anagwiragwira icho, anandiyamikira kuti ndili ndi diso. Kenako, ngati akufunsa mtengo wa tomato, anandifunsa kuti kodi ndodoyo ndi yaitali bwanji, chifukwa akufuna adziwiretu ngati ingakwane pamwamba pa kabati yawo. Ndinawauza kuti masewero sanathe. Anamwetulira n'kunena kuti inde, Mulungu ndiye adziwa, koma ndi bwino munthu kukonzeratu malo. Atachoka ndinapeza kuti ndadula ulusi wa mkanda umene unali m'manja mwanga, timikanda tonse tili mbwee pansi.

Loweruka m'mawa, mwana wanga akumanga nsapato pakhonde, bambo ake anatulutsa chinthu chija atachikulunga m'chitenje changa chatsopano. Kunena zoona, sindinaonepo ndodo yokongola chonchija. Yofiirira, yosalala, yonyezimira mafuta, chogwirira chake atachikulunga ndi chikopa. Koma inali ndi china chake chimene diso langa linkachikana, ngati ndikuionera pagalasi. Mwanayo anailandira ndi manja awiri, anaitembenuza, ndipo ndinaona nkhope yake ikugwa, kenako n'kuikonza msanga bambo ake asanaone.

"Moyo wako wonse akhala akukusintha dzanja," anatero bambo ake. "Lero ukamenye ndi lako."

Anagwada, anathokoza, anaiika m'chikwama. Nditamutsatira kuchipinda anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti malamulo a hoke salola ndodo yamanzere, padziko lonse kulibe, ndipo woyimbira akangoiona aikana. Anati aisiya m'chikwama, asewera ndi yobwereka, ndipo akadzafunsidwa adzanena kuti inamulemera.

"Musawauze adadi, amayi. Asema sabata yonse."

Ndinangokhala pabedi.

Bwalo lathu ndi ladothi, mizere timailemba ndi phulusa. Titangofika kunadutsa kamvulumvulu pakati penipeni n'kunyamula mzere wa kutsogolo kwa golo, atsikana anachita kukapempha phulusa lina kunyumba zapafupi. Kumwamba kunali kotuwa, kopanda mtambo. Asewere anga anali atafika kale, tsiku lawo loyamba kuponda pabwalo la hoke. Anakhala pampando wapulasitiki pansi pa ambulera, manja ali pamiyendo, ngati munthu wodikira katundu wake pasiteshoni, mwana wawo ataima kumbuyo kwawo. Ndinawapatsa moni chifukwa ndinaleredwa, koma m'kamwa munkawawa.

Masewero asanayambe oyimbira amayang'ana ndodo za osewera. Mwana wanga anaima pamzere ndi yobwereka ija ataibisa kuseri kwa mwendo. Bambo ake anaona. Anaganiza kuti waiwala, ndipo ndisanawagwire malaya anali atatsegula kale chikwama n'kulowa m'bwalo, ndodo ili m'mwamba kuti aliyense aione. Woyimbirayo anali wochokera ku Lusaka, wa magalasi akuda. Anailandira, anaitembenuza, anaseka pang'ono.

"Ba mudala, iyi si ndodo ya hoke," anatero mokweza, bwalo lonse likumva. "Iyi ni chiboliboli chabe. Kagulitseni kwa azungu."

Atsikana a timu inayo anaseka. Amuna anga anayang'ana mwana wawo, mwanayo anayang'ana pansi, ndipo pamenepo bambo akewo anazindikira kuti mwanayo ankadziwa kuyambira m'mawa. Anabwerera pang'onopang'ono, ndodo ili m'khwapa, n'kukaima kutali ndi ife tonse. Zimene ndinamuuza woyimbirayo sindingazilembe, kuopa zidzukulu zanga zingadzawerenge.

Masewerowo anali oipa. Fumbi linkalowa m'maso, mpira unkanjanja pa dothi louma. Mwana wanga ankathamanga ngati akuthawa moto, koma ndodo yobwerekayo inkamuchepera, ankachita kuwerama mopitirira. Kawiri konse mpira unamudzera kumanzere atatsala yekha ndi wapagolo, iye n'kuchedwa akutembenuza ndodo kuti mbali yafulati iyang'ane mpira, ndipo kawiri konse unamudutsa. Ndinacheukira kumene kunaima bambo ake, sanasunthe ngakhale phazi. Chigoli chinabwera chakumapeto, chosasangalatsa n'komwe, mpira wogunda ndodo za anthu angapo n'kugubuduzika wokha kulowa m'golo. Tinapambana. Atsikana anakumbatirana pang'ono chabe, kenako onse anathamangira kwa mphunzitsi amene anali ndi foni, chifukwa ku Lusaka njovu ndi ng'ona zinayamba mochedwa ndipo zinali zikusewerabe.

Kudikira kumeneko sindidzakuiwala. Tonse tinaunjikana mozungulira foni imodzi padzuwa, thukuta likudonthera pagalasi lake. Uthenga woyamba unati njovu yalowetsa ana. Mdala wa ng'oma sananene kuti paja ndinakuuzani, ndipo pa chimenecho ndimamulemekeza. Uthenga wachiwiri unati palibe wagoletsa, mayi wa madengu anayamba kuyimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Ndege inadutsa pamwamba pathu ikunyamuka, wina anati mwina mvuu yathu ili mmenemo. Kenako foni inalira. Mphunzitsi anaiika kukhutu, anamvetsera, n'kuilowetsa m'thumba. Ng'ona inali itapambana. Anthu anayamba kubalalika mwakachetechete ngati pochoka kumanda, ndipo asewere anga anapinda ambulera yawo n'kuimirira.

Mwana wanga sanapite kwa iwo. Anabweza ndodo yobwereka kwa mwini wake, anayenda mpaka kumene kunaima bambo ake, n'kusolola ndodo ija m'khwapa mwawo. Anatola mpira, anauika pakati pa bwalo, patali poti palibe amamenyerapo. Anaima mbali imene sindinamuonepo ataima, dzanja lamanja pamwamba, lamanzere pansi. Anamenya kamodzi. Ine ndaonera hoke zaka zambiri, koma mpira waliwiro chonchija sindinauonepo. Unangoti vuu n'kukawomba thabwa la m'golo, ndipo kulira kwake kunacheukitsa anthu amene anali atafika kale kumsewu. Bambo ake anaphimba nkhope ndi chipewa. Ine ndinalira poyera, mokweza, chifukwa ndinaona kuti amuna angawa ankanena zoona zaka zonsezi, ndipo osankha osewera a ku Lusaka aja sadzaziona.

Kenako anatulutsa m'chikwama ndodo yake yakale yong'aluka ija, anapita kwa apongozi ake, anagwada m'fumbi n'kuipereka ndi manja awiri monga anagwirizanirana. Asewere anailandira, koma maso awo anali pa inayo.

"Nanga iyo?"

"Mwamva nokha oyimbira, amayi," anatero mwana wanga mofatsa. "Iyi ni chiboliboli chabe. N'chokongoletsera m'nyumba."

Asewere anayang'ana mwana wawo, mnyamatayo anayang'ana nsapato zake, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Ukwati unachitika mvula itayamba. Thabwa la nyama lija amuna anga analichotsa, ndipo pabwalo la hoke sanapondeponso. Ndodoyo ili pabalaza kwa mwana wanga, yopachikidwa pa misomali pamwamba pa kanema, alendo amaiyamikira n'kumafunsa kuti anaigula kuti. Kunsonga kwake, mbali yafulati, kuli chipsera chimodzi chozungulira, pamene inagunda mpira tsiku lija. Ndikapitako ndimadikira kuti alowe kukhitchini kukandikonzera tiyi, ndiye ndimakwera pampando n'kuyendetsa chala pamenepo, kuti mwina ndipeza chachiwiri. Mwezi watha ndinapitako, ndinayang'ana bwinobwino, chikadali chimodzi chomwecho.